Chikhomo Chafika pa Manda a Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, koma amayi BP yawakwera ndipo chakudya akungochiyang'ana.

Kampani ija inagula malo m'mbali mwa msewu wa ku malire yayamba ntchito. Akuti akumanga malo amasewera okhala ndi kasitima kothamanga m'mwamba. Lachiwiri anabwera kudzayeza n'kukhoma zikhomo zofiira. Mzere wake wakhotakhota, wadutsa m'dimba mwathu, ndipo chikhomo chomaliza achikhoma mapazi anayi okha kuchokera pa manda a bambo.

Palibe akutiuza zoona. Madalaivala a mathiraki akuti njanji zotere zimakhala pa mizati, pansi sakhudzapo. Osintha ndalama akuti ayi, pamenepo akumba dziwe loti kasitimako kazidzagweramo anthu akusangalala. Nditafunsa kapitawo wa kampaniyo, anangoti, "Mayi, mapulani ali ku Blantyre."

Amayi akumapita m'mawa uliwonse kukazula chikhomocho, masana anthu aja n'kuchibwezera. Dzulo amayiwo anagwa pobwerera.

Achimwene, inu munakwerapo zimenezi, paja munatitumizira chithunzi. Chonde kumbukirani bwino. Mizati yake imatalikirana bwanji? Njanjiyo singakhote pang'ono kulambalala munthu mmodzi? Mundijambulire papepala ndikawaonetse a kampaniwo, mwina angamve.

Ndipo bwerani msanga, ndekha zandikulira. Bambo ankadana ndi phokoso, wailesi yomwe ankatiuza tizimitse. Lero anthu azikakuwa pamwamba pawo?

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati