Chitsononkho m'Boti Langa

Loweruka madzulo.

Lero mtima wanga uli m'malo. Ndapeza pomwe madzi amalowera m'boti langa!

Sabata yonseyi ndimati ndikafika ku damu m'mawa, ndimapeza boti litadzaza madzi, pomwe tomato akupsa ku dimba kutsidya. Ndamata phula paliponse, koma osathandiza. Alamu anga a Nabanda amangoseka: "Boti kuno ku mapiri a Ntchisi? Gulitsani achimwene, mugule ngolo."

Ndiye lero ndinaganiza zolichita ngati chubu cha njinga, koma mobwerera. Ine ndi alamuwo tinalikokera kumtunda, kulikhazika pa njerwa, ine n'kumathiramo madzi ndi kheni. Kenako ndinagona chagada pansi pake, maso tong'o. Pamimba pa boti ponse pouma. Kumbuyo kokha, pabowo lotulutsira madzi, dontho linandigwera pamphuno.

Nditasuzumira, chotsekera cha labala palibe. Pali chitsononkho! Mbewa zachibenthula mbali imodzi.

Alamu anayang'ana kumbali. "Paja tsiku lija ndinabwereka botili, chotsekera chinagwera m'madzi. Nanga chitsononkho si timatsekera chigubu cha mafuta?"

Ndinadziletsa kuseka. Ndasema kamtengo, kukakulunga ndi mphira ya njinga, kukakhomera zolimba. Botilo ndayenda nalo mpaka pakati pa damu, mapazi ouma gwa.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti tomato wina wayamba kufewa. Mawa ndilawirira. Madengu onyamulira alipo kale, ndipo wonyamula ndamupeza: yemwe amati ndigule ngolo uja.