Mawu Onyowa a Madala

Lolemba, 3 Malichi

Ntchito ndaipeza! Chabwino, yoyeserera kaye. Kusamalira madala ena amene anachita sitiroko. Mwana wawo wamkazi ndamutcha kale Mayi Phuma, amalankhula nawe makiyi a galimoto ali m'manja. Akuti Loweruka adzandiuza ngati ndikhale kapena ndizipita. Awiri anathawa ine ndisanabwere. Vuto madzi. Madala sakufuna kusamba, beseni amalimenya theche ndi mwendo wabwinowo.

Chodabwitsa, matendawa anawalanda Chingelezi chonse nkuwasiyira Chisipanishi cha paubwana wawo. Mwana wawo amangotolako pang'ono. Ine ndiye mbuli yeniyeni. Koma mtima uli m'mwamba, chakudya chandikanika.

Lachiwiri, 4 Malichi

Malamulo a Mayi Phuma, m'Chingelezi chothamanga. Mapazi akuti soak, ndiye kuviika. Kansalu kowapukutira kakhale damp, konyowa pang'ono chabe, osati dripping, kochucha. Lamulo lalikulu, madala azikhala owuma nthawi zonse, chifuwa sichichedwa kuwagwira.

Beseni lathiridwa theche monga anandichenjezera. Ndanyowa mpaka siketi yamkati. Madala kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nkutulutsa liwu limodzi lokha: empapada. Ndalifufuza pa foni m'basi. Munthu wonyoweratu, wopanda powuma. Madala andinena! Ndaseka ndekha mpaka mayi woyandikana nane wasuntha. Ndiye kuti mutuwo ulimo bwinobwino.

Lachitatu, 5 Malichi

Achemwali akuti, "Iwe sukulu unaithawa dzuwa likuswa mtengo, lero Chisipanishi?" Asiyeni, nsanje.

Chuma changa cha lero. Mojado, chonyowa. Húmedo, chachinyezi, ngati khoma la kuchipinda kwathu. Remojar, kuviika, monga timachitira zovala zalitsiro. Ndaloza beseni nkunena remojar. Madala kutsinzina ngati ndawaponda chala. Katchulidwe kanga kawapweteka. Andikonza, ndabwereza, andikonzanso, lilime langa likukana kugudubuzika. Mkangano uli mkati, phazi lili kale m'madzi, iwo osadziwa. Phazi lathunthu! Ndinatsala pang'ono kululutira m'nyumba ya eni.

Lachinayi, 6 Malichi

Mapazi onse awiri. Tayambitsa masewera, ine ndinyowetse chinthu, iwo achitchule. Ndawawaza timadzi pamkono, akuti salpicar. Ndasiya mpopi ukudontha, akuti gotear. Ndikalakwitsa amagogoda mpando. Mphunzitsi wovuta, koma ndikumukonda.

Pakhoma pali chithunzi. Bambo wamphamvu, paipi yothirira m'manja, malaya atamatirira pathupi, maluwa mbali zonse. Mayi Phuma akuti, "Anali ndi nazale ya maluwa, tsiku lonse m'madzi ngati bakha." Nkutuluka, chitseko pha. Ndakhala ndikuganiza. Munthu wotere lero azingopukutidwa ndi kansalu ngati tebulo? Nanenso beseni ndikanalimenya.

Lachisanu, 7 Malichi

Tsiku loipa. Ndawapeza atanyowetsa pogona. Ndasintha zofunda mwakachetechete, iwo nkhope kukhoma. Liwu la zimenezi ndikulidziwa tsopano, koma sindinalitchule. Masewera ayi. Chakudya ayi. Beseni sanalimenye nkomwe, kumenya kunali bwino.

Mawa Loweruka. Nsapato yanga yakumanzere ikulowa madzi.

Loweruka, 8 Malichi



Masana mvula, yamadontho akuluakulu, yofunda. Madala pa njinga yawo ya olumala pawindo, chete kuyambira dzulo. Kenaka chala pagalasi. Akuti lluvia. Mvula, ndikuidziwa. Nkundigwira mkono mwamphamvu, akuti mójame. Foni sindinaifune. Akuti ndiwanyowetse.

Lamulo lalikulu lija linabwera m'mutu. Ntchito yanga inabweranso. Ndinati pakhonde pokha, angomva fungo. Titafika pakhonde, iwo kugogoda njinga ngati ndalakwitsa liwu. Basi, ndinakankha mpaka pakati pa bwalo.

Mayo ine! Nkhope kumwamba, kukamwa yasa, madzi akuyenderera m'makwinya. Kuseka! Kuseka kwa mbali imodzi, koma kuseka. Akukuwa empapado, akudzimenya pachifuwa, ine ndikukuwa empapada, tonse ngati tapenga.

Geti kutseguka. Mayi Phuma, ambulera kumanja, makiyi kumanzere. Ndinati basi, achemwali apeza choseka chaka chonse. Anayenda mpaka pamene tinali, osandiyang'ana ine, maso pa bambo awo. Madala nkuwaloza, nkupukusa mutu mwachisoni, akuti seca.

Mayi Phuma akuti, "Akuti chiyani?" Ine ndikuti, "Akuti inu ndinu owuma, mayi."

Anaima. Kenaka anapinda ambulera. Suti yabwinobwino, tsitsi la ku saluni, zonse. Anagwada m'matope nkuika mutu pamaondo a bambo awo. Ngati analira sindinganene, tonse nkhope zinali zochucha.

Tawapukuta madala awiriwiri, tiyi wotentha, mabulangete. Chifuwa tikuchimvetsera, mpaka pano zii. Za ntchito sanatchule, ine osafunsa. Pondiperekeza pageti, makiyi atawaiwala patebulo, akuti, "Lolemba mulawire. Mudzayambe ndi ine, liwu lija anakuwa lija sindinalimve."

Ndigule nsapato. Ayi, ndigule jombo.