Masaya a Ababa

Ntaja, Machinga

Wokondedwa mlongo wanga Sufiyani,

Salamu alaikumu. Muli bwanji ku Joniko, iwe ndi mlamu wanga Shamim? Chisanu chija chakusiyani? Kuno tilipo, alihamudulila. Mpunga wakudambo tamweta, ndipo mwendo wa amayi uja wasiya kuvuta.

Ababa akupezako bwino. Mutu sukuwawa ngati kale, dzanja lamanja layambanso kugwira kapu, ndipo Lachisanu anayenda okha mpaka kumzikiti. Kudya ndiye usanene. Akamaliza mbale yawo amasuzumira ya amayi. Ndikawamva pakhonde akukangana ndi wailesi, mtima wanga umakhala m'malo.

Koma pali nkhani, ndipo mwini wake ndiwe.

Chithunzi cha ababa chija ndinakutumizira pafoni, iwe unangoona masaya n'kuwaimbira kuti anenepa, achira, asiye makapusozi owasanzitsa aja, azingomwa timapiritsi toyera. Udokotala unauphunzira liti, mwana wa amayi? Ine ndimadziwa kuti kumeneko umawotcherera mageti.

Masaya amenewo si a kuchira iyayi. Adokotala ku Blantyre anatifotokozera bwinobwino. Timapiritsito ntchito yake n'kuphwetsa kutupa kozungulira chotupa cha muubongo chija, koma timatupitsanso nkhope ndi kuutsa njala. Khansayo sitiikhudza n'komwe. Olimbana nayo ndi makapusozi.

Anati ubongo uli ndi mpanda wakewake umene umabweza mankhwala ambiri oyenda m'magazi, monga amabwezera katundu pamalire a dziko pa Nayuchi. Odutsa ndi ochepa, ndipo makapusoziwa ali m'gulu la ochepawo. N'chifukwa chake amapereka zonse pamodzi, kuphatikizapo oletsa kusanza, aliyense ndi ntchito yake. Ababa anaseka, nati pa Nayuchi iwo paunyamata wawo ankadziwa tinjira tam'mbali. Adokotala anayankha kuti tinjira ta muubongo akatswiri akutifunafunabe.

Sanatibisire kuti matendawa sadzatheratu. Mankhwala akungowonjezera masiku. Koma ndi masiku abwino, Sufiyani, ndipo ine ndikuwafuna onse.

Makapusoziwa amamwa mopumira, ndiye tsopano akuyenera kuyambiranso sabata yamawa, koma ababa akana. Akuti mwana wawo wamwamuna wanena kale. Ndalankhula ine, alankhula amayi, ngakhale ashehe anabwera kudzawauza kuti kumwa mankhwala si kukayikira Mulungu. Ababa ankangomwetulira, akusisita tsaya.

Sindinakukwiyire. Unawasiya ali gone, osatha kutchula dzina lako, ndiye utaona nkhope yodzaza unasangalala. Ngakhale ine anthu akandiimitsa pamsika kuti ababa anenepa, ndimavomera, chifukwa n'zokoma kumva.

Koma chonde, aimbire sabata ino isanathe. Usazungulire monga umachitira. Uwauze kuti unaona molakwa, kuti makapusozi amwe ngakhale akuwasanzitsa. Ukachita manyazi, unene kuti ndakukalipira ine, akhulupirira msanga.

Kusanzako ndidzakolopa ndine, usade nkhawa, ndinazolowera. Chimene sindingathe n'kukhala mwana wamwamuna. Botolo lili m'kabati losatsegula, ndipo wolitsegula ndiwe.

Undiperekere moni kwa Shamim ndi ana, uwauze kuti agogo awo amawatchula onse mayina osaphonya. Amayi akuti uzivala juzi. Mulungu akusungeni, akupatse mawu abwino pafonipo.

Ndine mlongo wako,
Mwanaidi