Bambo Atsutsa Abusa pa Nkhani ya Mbendera

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mkanda matupi ali bwino, koma mitima siili m'malo.

Lamulungu lapitali abusa atsopano aja anayala mbendera patebulo la mgonero, n'kulalikira kuti Malawi ndi dziko la Akhristu okha, choncho tisamagule kwa Asilamu kapena kuwalemba ganyu. Bambo anaimirira n'kuwafunsa kuti: "Abusa, kodi Yesu anafera mbendera? A Yusufu, amene anandinyamula panjinga kupita nane kuchipatala, lero ndiwakane?"

Pano bambo awachotsa pa ukulu wa mpingo, ndipo anzawo akuwalambalala pamsewu. Komabe dzulo anakagula mchere kugolosale ya a Yusufu, anthu akuona.

Chonde muwaimbire foni, sakudya mokwanira. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati