Mng'alu Pansi pa Mlatho

Okondedwa malume,

Ndikhulupirira mwendo uja unasiya kukuvutani. Kuno ana ali bwino, mvula yayamba.

Kuntchito kwathu kokonza misewu agula makina oyenda okha omata maenje, ndipo msewu wonse ndi milatho yake anaujambula n'kuuika m'kompyuta. Akuti misewu iwiriyi ndi mapasa, weniweniwu ukadwala, wa m'kompyutawo umanena.

Sabata yatha ndinatsikira pansi pa mlatho wa kumsika, ndinapeza mng'alu pamzati, wolowa dzanja langa lonse. Nditawauza abwana, sanadzuke n'komwe pampando. Anangonditembenuzira kompyuta. "Taonani bambo, mlathowu ukuoneka wobiriwira, ndiye kuti uli bwinobwino. Inu mungapose makina?"

Malume, kamera yawoyo imangodutsa pamwamba, kumatope sinatsikeko. Zinandinyansa. Zaka makumi awiri ndikununkha phula, lero maso anga asanduka abodza.

Kenako anandipatsa pepala loti ndisaine kuti mlathowo ndauyendera ndipo uli bwino. Anzanga asanu anawachotsa kale ntchito. Cholembera ndinachilandira.

Mayi a ana amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse. Ndawauza kuti azizungulira njira yakumtunda, koma chifukwa chake sindinawauze.

Mundipatsire moni onse kumeneko.

Ine mwana wa mlongo wanu