Njinga ya Amina pa Kona Ija

Mwana wanga Saidi,

Che Ajasi akadali moyo, ine ndikadali wotsimphina. Kupatula mwendowu, kuno tili bwino, kaya iwe ku Joniko.

Njinga yothamanga ija unatumizira mlongo wako Amina yandisowetsa mtendere. Loweruka lililonse amakwera mapiri a msewu wa ku Chiponde ndi anzake, osanyamula katundu, akuti n'kusangalala chabe. Wowatsogolera ndi mwana wa Che Ajasi.

Loweruka lapitali ndinakaima pa kona ija. Anatsika mitu ili pansi, matayala opyapyala ngati chala, Amina ali mbali ya kuphompho. Ndinakuwa kuti, "Gwira mabuleki!" Iye anangokweza dzanja akuseka: "Baba, musaope!" Chiwongolero ndi dzanja limodzi, Saidi! Ndinangokhala pansi.

Pakona pomwepo ndi pamene Che Ajasi anandipanikiza tikupikisana pa njinga kalekale, ine n'kugwera kuphompho n'kuthyoka mwendo, iwo n'kumauza anthu kuti ndinaledzera. Amina amakhulupirira zimenezo, n'chifukwa chake sandimvera.

Mulungu akusunge, mwana wanga. Koma uwaimbire foni Che Ajasi. Ndisanafe, abwere adzaime pakonapo, amuuze Amina zoona.

Ndine bambo ako,
Imedi