Anjira Anga Akubwerera Kwawo

Lolemba, 9 Juni 2025

Akulemba ndi mwana wanga Tiyanjane, ine cholembera sindinachigwirepo chibadwire. Lemba mmene ndikuneneramu iwe, usakonze. Si za munthu izi, n'zanga. Mutuwu wayamba kudontha ngati denga, ndiye zikhale papepala.

Kuzizira. Mawondo. Nkhuku yamawanga yaswa, kabawi watenga kale mwanapiye mmodzi.

Dzulo kutchalitchi analengeza. A George ndi a Lydia akubwerera kwawo kutsidya la nyanja, ntchito ya umishoni yatha. Anafika kuno ku Mitundu Tiyanjane ali ndi pakati poyamba, lero mwana uja ali ndi wakenso kumsana. Anthu m'manja phwa phwa phwa. Ine manja anakana.

A Lydia ndi anjira anga. Osandiuza. Ine kumvera pa chilengezo ngati munthu wapanjira!

Lachitatu, 11 Juni

Chinjira chathu chinayambira pa maliro a bambo ako. Mzungu kulowa m'siwa, kuvula nsapato, kukhala pamphasa, miyendo tambalale. Utitiri unawadya, osadandaula. Anakhala nane mpaka tsiku losesa. Nditameta ndinawapititsira nkhuku ndi lichero la mtedza, ndati tipalane chinjira. Anavomera, misozi chuchuchu.

Koma ankadziwa chimene akuvomera? Chinjira si kupatsana moni pamsika. Mnjira wako ndi amene adzakusambitse, adzabwere ndi nsalu yokufunditsa popita kumanda. Ine ndinkati zanga zinakonzeka kale. Achemwali anga onse anatsogola. Tsopano adzandisambitse ndani? Anthu ongobwera poopa manyazi?

Tiyanjane akuti alipo iyeyo. Mwana sasambitsa mayi wake, iwe. Yako ntchito idzakhala kulira basi.

Loweruka, 14 Juni

Abwera lero. Galimoto yawo ija yolira ngati chigayo, umaimvera ili kudambo. Chisamukireni ku Nathenje kukatsegula mpingo wina, mwezi sunathepo osandiona.

A George awonda. Jekete kungolendewera. Nthabwala zokha ndiye zilipo. Amanditchula apongozi, ati chifukwa ndimawalamulira mkazi. Ndawaotchera mbatata, angonyema kachidutswa.

Ine nkhope ndwii. A Lydia kupepesa, ati pakamwa pankalemera. Kenako kumasula phukusi. Beseni latsopano, sopo, ndi nsalu yoyera mbee. Ati, "Iyi ndi ntchito ya mnjira. Tsiku limenelo sindidzakhalapo, ndiye ndabweretseratu."

Pakhonde panali azimayi, a Zipora oyandikana nawo nyumba ndi anzawo. Nsalu ya maliro kupatsa munthu wamoyo, akutafuna mbatata! Wina ananyamuka osatsanzika.

Ine ndaseka mpaka kutsokomola. Kenako sikunalinso kuseka. Ndiye kuti ankadziwa. Zaka zonsezi ankadziwa.

Lolemba, 16 Juni

Kuchitsime nkhani ndi nsalu, kuchigayo nkhani ndi nsalu. A Zipora alawirira, ati ndikaiponye m'chimbudzi, azungu andiitanira imfa. Ndati imfa sidikira kuitanidwa, njira ya pakhomo pano ikuidziwa, yadutsapo kangati?

Nsalu ndaipinda, ili m'sutikesi pansi pa yunifolomu ya chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Beseni ndayamba kale kusambiramo. Labwino, losadontha. Lidikire chiyani.

Komabe. Nsalu sisambitsa munthu. Manja ndiwo akupita.

Ndiwapatse chiyani? Tiyanjane akuti nkhuku sikwera ndege. Ndikutongola mtedza, waung'ono wofiira uja amaukonda.

Lolemba, 23 Juni

Dzulo kutsanzikana ku Nathenje. Ndinakwera njinga yamoto ya Lovemore, mnyamata wa m'mudzi muno, Tiyanjane kumbuyo kwanga kundigwira. Fumbi. Chiuno chinatsala panjira.

Anthu mbwee. Madengu, zitenje, wina mpaka mbuzi. Mbuzi! Olankhula aliyense kufuna kuposa mnzake, dzuwa mpaka kupendeka. A George sanathe kuima, analankhula atakhala pampando. Ati, "Mundikhululukire maulaliki aatali aja. Ndinkakuonani mukusinza, makamaka apongozi anga awo." Tchalitchi chonse kuseka, kundiloza ine. Bodza, ndinkapemphera.

Titatuluka a Lydia anandikokera kuseri, pansi pa mtengo wa mango. Anandigwira dzanja molimba, mpaka kuwawa. Matenda a a George ali m'mimba. Madokotala anati mankhwala palibenso. Si ntchito yatha ayi. Akupita nawo kuti akatsirizikire pamaso pa ana.

Ndinati Mulungu alipo, abale kwanuko adzakugwirani. Anapukusa mutu. Ati, "Kwathu sagona pa maliro. Amabwera, amwa tiyi, akugwira dzanja, n'kumapita. Chitseko umatseka wekha."

Dikira kaye iwe.

Lemba. Ine masiku onsewa kudzilira ndekha, adzandisambitse ndani, adzandisambitse ndani. Chonsecho wokhala yekha pamphasa ndi mnzanga. Iyeyo mbali yake wakwaniritsa, mpaka sopo. Woyamba kulephera chinjira ndine.

Mtedza ndinangowapatsa m'manja. Galimoto inalira, ine chiimire.

Lachinayi, 26 Juni

Ananyamuka Lachiwiri. Ndege sindinaione, ndinayang'ana mpaka khosi kuwawa.

Masiku awiri osadya bwino. Lero ndadzuka ndi mutu wopepuka, ndazungulira mudzi ndi ndodo. Kwa amayi a chigwirizano, kwa akulu ampingo, kwa a Zipora. Ena kudabwa, ati maliro opanda mtembo? Ndati a Yakobe a m'mudzi muno atafera ku Joni sitinagone? Tinagona.

Ndiye Tiyanjane watumiza mawu anga pa foni. Alembenso apa, ndisadzaiwale chimene ndalonjeza.

Anjira, tsiku likadzafika, imbani. Kaya ndi nthawi yanji. Tidzatulutsa katundu m'nyumba muno, tidzayala mphasa. Amuna panja, nkhuni Lovemore walonjeza. Nyimbo adzayambitsa a Zipora, omwe aja, mawu ali nawo. Foni tidzaika pamphasa pambali panga, inu musadzaidule. Mudzatseke chitseko chanucho ngati ndiwo mwambo wa kwanu, koma mudzatimva. Inu uko, ine kuno, mpaka tsiku losesa. A George ndi mkamwini wanga, sangapite ngati nkhuku.

Ayankha? Tiyanjane akuti kwawoko sikunache, ati dzuwa limafika mochedwa. Dziko lanji limenelo.

Ndatopa ine. Tseka bukulo, ndikapumuleko. Foni ikalira undidzutse.